Kuphunzitsa nthawi yakale ya aneni a Chingerezi kudzera m'kulemba ndime

Mwana wa Fomu 2 mukamufunsa nthawi yakale ya mneni "go", ayankha mosajejema kuti "went". Mukamuuza kuti alembe ndime yofotokoza za ulendo wake wa kumsika, mwana yemweyo alemba kuti: "Yesterday I went to the market and buy fish and then I meet my friend." Mneni woyamba wakhoza, otsatirawo wawasiya monga mmene amaonekera m'dikishonale. Aphunzitsi ambiri akaona zotere amati mwanayo sanaloweze bwino, ndiye amamubwezera ku mndandanda wa aneni kuti akaimbenso "buy, bought, bought". Koma "bought" mwanayo amamudziwa. Chimene sanaphunzire ndi kusunga nthawi imodzi kuchokera pachiganizo choyamba mpaka chomaliza, ndipo luso limeneli silibwera podzaza mipata m'ziganizo zoima pazokha. Limabwera polemba ndime. N'chifukwa chake nthawi za aneni ndi kalembedwe ka ndime ziyenera kuphunzitsidwa limodzi, m'phunziro limodzi, pabolodi imodzi.

Kuno ku Malawi nkhaniyi ndi yolemera. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse, kupatula Chichewa, mwana amawawerenga ndi kuwalemba m'Chingerezi. Pamayeso a MSCE amene bungwe la MANEB limalembetsa, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Chimangirizo chofotokoza nkhani, lipoti la ngozi, yankho la funso la mbiri yakale, zonsezi zimayenda pa nthawi yakale. Mwana amene nthawi yakale imamuterereka amaluza malikisi m'maphunziro angapo nthawi imodzi.

Kumene zolakwazi zimachokera

Zolakwa za ana olankhula Chichewa sizingobwera mwachisawawa. Zambiri zili ndi gwero lake m'chilankhulo chimene mwana amaganiziramo, ndipo mphunzitsi akadziwa gwerolo amadziwa pogwira.

Taonani chiganizo ichi: "Anapita kumsika n'kugula nsomba n'kubwerera kunyumba." Nthawi yakale yaonetsedwa kamodzi kokha, pa "-na-" wa mneni woyamba. Aneni otsatirawo angotenga "ku-", ndipo aliyense akumva kuti zonsezi zinachitika kale. Chichewa chimalola kuti mneni woyamba asenzere anzake nthawi. Chingerezi sichilola zimenezo: mneni aliyense amasenza nthawi yake, "went", "bought", "returned". Mwana amene walemba "went and buy" watsata lamulo labwinobwino, kungoti ndi lamulo la chilankhulo china. Ziganizo ziwirizi, cha Chichewa ndi cha Chingerezi, zilembeni pabolodi china pamwamba china pansi, ana adule mzere kunsi kwa kalikonse koonetsa nthawi yakale. Pamwamba apeza mzere umodzi, pansi mizere itatu. Phunziro la mphindi zisanu limeneli limachotsa cholakwa chimene ana ena amapita nacho mpaka Fomu 4.

Gwero lachiwiri ndi nthawi ya "ndaona", "wabwera", "tadya". Ana amauzidwa kuti imeneyi ndiyo "have seen", "has come", "have eaten", ndipo nthawi zina zimagwirizanadi. Koma ife timati "Ndamuona m'mawa" kapena "Wafika 6 koloko", kutchula nthawi yeniyeni popanda vuto. M'Chingerezi mukangotchula nthawi imene inatha, monga "yesterday", "last week", "in 2019" kapena "two hours ago", "have" amachoka ndipo patsala "saw" kapena "arrived". Chiganizo chakuti "I have seen him yesterday" chimabadwira pamenepo. Palinso aneni monga "ndatopa", "wagona", "chathyoka", amene maonekedwe ake ndi omwewo koma akunena mmene zinthu zilili panopa. Chingerezi chake ndi "I am tired", "she is asleep", "it is broken". Mwana wosauzidwa amalemba "I have tired".

Kenako pali "-nka-". Tikati "Ndinkaphika pamene mvula inayamba", tikunena ntchito imene inali mkati pamene ina inachitika, ndipo apa Chingerezi chimafuna "I was cooking". Tikati "Ndinkaphika tsiku lililonse", tikunena chizolowezi chakale, ndipo apa chimafuna "I used to cook" kapena "I cooked every day". Ife "-nka-" wathu ndi mmodzi, iwo njira ndi ziwiri. Ana amagwira njira yoyamba n'kumaigwiritsa ntchito paliponse: "When I was young I was going to church every Sunday." Choipirapo n'chakuti aneni ena a Chingerezi, onena za kudziwa, kufuna, kukhulupirira ndi kukhala ndi chinthu, kawirikawiri salandira "-ing". "Ndinkadziwa" ndi "I knew", ndipo "ndinali ndi njinga" ndi "I had a bicycle". Aneni asanu okha, "know", "want", "have", "like" ndi "believe", mukawalemba papepala lalikulu n'kulimata pakhoma mwathetsa gawo lalikulu la vutoli.

Pa "had" pali kusamvetsa kumene ngakhale akuluakulu ali nako. Popeza Chichewa chimasiyanitsa zachitika lero, zinachitika posachedwa ndi zidachitika kalekale, ana amaganiza kuti "had" ndi wa zinthu zakalekale, ndiye amalemba "My grandfather had died in 1990." Chingerezi sichiyeza kutalika kwa nthawi motero. Zadzulo ndi za zaka 100 zapitazo zonse zimatenga "died". Ntchito ya "had" ndi kuonetsa kuti chinthu china chinachitika china chisanachitike m'nkhani yomweyo. Mwamwayi Chichewa chili ndi njira yofanana ndendende: "Titafika pasiteji, basi inali itanyamuka kale." Paliponse pamene mwana anganene kuti "inali ita-" kapena "anali ata-", pamenepo ndi pa "had left", "had gone", "had eaten". Pamene sanganene choncho, "had" asayikepo.

Zina ziwiri n'zachidule. Pokana ndi pofunsa, nthawi yakale imasamukira pa "did", mneni n'kubwerera pa tsinde lake: "did not go", "did you see". Mwana wolemba "did not went" waonetsa nthawi kawiri. Mukumbutseni kuti nafenso mneni amasintha tikamakana, "ndinapita" amasanduka "sindinapite". Pobwereza zimene wina ananena, ife timasunga nthawi imene wolankhulayo anagwiritsa ntchito, "Anati akudwala", pamene m'nkhani ya Chingerezi mneniyo amabwerera m'mbuyo: "She said that she was sick."

Khutu liyambe lamva

Mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, ndipo mawu obwereka timawapinda kuti atero: buku, sukulu, sitolo, foloko. Mawu ngati "walked" powatchula amamveka ngati akuthera pa malembo awiri opanda liwu ogundana, k ndi t, zimene pakamwa pa mwana sipanazolowere. Amachita chimodzi mwa ziwiri: awonjezera liwu n'kutchula ngati "wokedi", kapena ameza mathero onse n'kutsala ndi "walk". Amene amameza polankhula amamezanso polemba, chifukwa dzanja limalemba zimene khutu lamva.

Mathero a "-ed" amatchulidwa m'njira zitatu. Mneni akathera pa t kapena d, pamawonjezeka phatikizo lathunthu, monga "wanted" ndi "needed". Akathera pa liwu limene kholingo silinjenjemera, monga p, k, s, f, sh ndi ch, mathero amamveka ngati t: "stopped", "cooked", "washed". Ena onse amamveka ngati d: "played", "cleaned", "opened". Ana agwire pakhosi ndi zala ziwiri, atchule "s" motalikitsa kenako "z", amve okha kusiyana. Aombe m'manja powerenga maphatikizo: "cook" kamodzi, "cooked" kamodzinso, koma "want" kamodzi, "wanted" kawiri. Powalembetsa mawu omwe mukutchula, sankhani ziganizo zimene mneni watsatana ndi lembo la liwu, monga "She cooked it" kapena "We walked out", chifukwa pamenepo mathero amamveka bwino. Mu "walked to" ngakhale eni chilankhulo t woyamba amamumeza, ndiye si pabwino poyesera mwana.

Malamulo a kalembedwe ndi ochepa. Mneni wothera pa e amangotenga d, "closed". Wothera pa y wotsatana ndi lembo lopanda liwu, y amasanduka i, "carried", "tried", koma "played" sasintha. Mneni wa phatikizo limodzi wothera pa lembo la liwu limodzi ndi lopanda liwu limodzi amabwereza lomalizalo, "stopped", "planned", kupatula akathera pa w, x kapena y.

Aneni osatsata lamulo

Vuto la aneni awa, amene satenga "-ed" m'nthawi yakale, n'lakuti ndi omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri: "be", "have", "do", "say", "go", "get", "make", "know", "take", "see", "come". Mwana sangalembe ziganizo zitatu osakumana nawo. Mndandanda wa kumapeto kwa buku umawasanja motsatira alifabeti, kuyambira "arise", mneni amene mwana wa Sitandade 7 sadzamufuna chaka chonse. Njira yabwino ndi kuwasanja m'mabanja. Banja la osasintha: "put", "cut", "hit", "shut", "cost". Banja la "bought", "brought", "thought", "fought", "taught", "caught". Banja la "sang", "drank", "began", "swam", "rang". Banja la "knew", "grew", "threw", "blew". Banja la "kept", "slept", "swept", "felt", "left". Banja la "sent", "spent", "built", "lent". Banja limodzi pa sabata ndi lokwanira, ndipo mneni aliyense alowe m'chiganizo chonena za moyo wa mwanayo tsiku lomwelo. Aneni 40 kapena 50 odziwidwa motere amamukwanira mwana kulemba nkhani zambiri zimene angafunsidwe. Kuloweza mndandanda popanda kulemba kuli ngati kuumba njerwa chaka chonse osaphunzira kuyala khoma.

Poyamba aphunzire maonekedwe awiri okha, "drink" ndi "drank". "Drunk" adikire mpaka mudzafike pa "had", apo ayi ana amasakaniza n'kumalemba "I drunk water" ndi "I seen him".

Ndime yachitsanzo

Ndime ndi gulu la ziganizo zonena chinthu chimodzi. Chiganizo choyamba chimauza wowerenga chinthucho, zotsatira zimachifotokoza mwandondomeko, chomaliza chimanena mmene zinathera. Kwa ophunzira a Sitandade 7 mpaka Fomu 2, ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mawu 60 mpaka 80, ndi muyeso wabwino. Nayi ndime imene mungalembe pabolodi:

"Last Saturday our goat destroyed my mother's vegetable garden. My brother had left the gate open in the morning. While we were eating nsima, we heard a noise behind the house. We ran outside and found the goat among the tomatoes. It had already eaten half of the cabbages. My mother did not shout, but she sent my brother to look for a strong rope."

Iyang'anitsitseni. Chiganizo choyamba chatchula nthawi, "last Saturday", ndipo chanena nkhani yonse m'mawu 9. Aneni amene akuyendetsa nkhani ndi asanu ndi mmodzi: "destroyed", "heard", "ran", "found", "did not shout", "sent". Onsewa ali m'nthawi yakale wamba, ya mneni mmodzi wopanda "was" kapena "had". "Were eating" waoneka kamodzi kokha, kutiuza zimene zinali mkati pamene phokoso linamveka. "Had" waoneka kawiri, ndipo kawiri konseko akutibweza m'mbuyo: chipata chinali chitasiyidwa chotsegula, kabichi anali atadyedwa kale. Kachulukidwe kameneka ndiko kenikeni ka nkhani ya Chingerezi, ndipo kamatiuza mmene tingagawire nthawi yophunzitsa. Ngati teremu ili ndi masabata asanu ndi limodzi a nthawi yakale, anayi apite ku "heard" ndi "ran", limodzi ku "were eating", limodzi ku "had left". Kupatsa nthawi iliyonse sabata zofanana, monga mmene mitu imaonekera m'mabuku ena, kumachititsa ana kuganiza kuti zonse zimafunika mofanana, ndiye amamwaza "had" m'chiganizo chilichonse kuti aoneke ozindikira.

Onaninso kuti mwa aneni onsewo, wothera pa "-ed" ndi mmodzi yekha. Mphunzitsi amene watha mwezi pa "-ed" n'kungodutsa pa aneni osatsata lamulo wakonzekeretsa ana gawo laling'ono la ndime.

Kuchokera pakamwa kufika m'kope

Mwana asalembe nkhani imene sanainene. Tsiku loyamba, m'phunziro la mphindi 40, mwana mmodzi afotokoze m'Chichewa chinthu chimene chinachitikadi, kaya mpira wa Lachisanu, kaya mjigo umene unawonongeka. Palibe cholakwika kuyamba ndi Chichewa. Mukufuna kuti nkhaniyo ikhale yomveka m'mutu mwa aliyense asanayambe kulimbana ndi chilankhulo. Jambulani mzere wautali pabolodi, kumanja kwenikweni mulembe "now". Chochitika chilichonse chikhale kamtanda pamzerepo, ndipo pansi pa kamtanda mulembe mneni mmodzi wa Chingerezi m'nthawi yakale. Timitanda tisapitirire tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Chimene chinali mkati muchijambule ngati mzere wokhotakhota pamwamba pa kamtanda kake. Chimene chinachitika nkhani isanayambe chikhale kumanzere, ndi choko cha mtundu wina ngati chilipo. Kenako awiriawiri afotokozerane nkhaniyo m'Chingerezi akuyang'ana mzerewo.

Tsiku lachiwiri kalasi yonse imange ndimeyo pamodzi, ana akupereka ziganizo, inu mukulemba. Akapereka cholakwika chilembeni momwemo, mufunse kalasi ngati mneniyo akugwirizana ndi malo ake pamzere. Apa ndi pamene mumalimbana ndi chizolowezi cha "and then". Pofotokoza nkhani pakamwa timalumikiza ndi "ndiye", "kenako", "basi", mpweya wathu n'kumatiikira malire. Papepala mpweya palibe, ndiye mwana amalemba chiganizo chimodzi cha mizere khumi chopanda mpumiro. Ikani lamulo lakanthawi: chiganizo chimodzi chisapitirire aneni awiri, ndipo "and then" aoneke kamodzi m'ndime yonse. M'malo mwake apatseni alumikizi ochepa oti asankhepo: "first", "after that", "when", "while", "later", "finally". Asanu ndi mmodzi amenewa ndi okwanira teremu yonse. Alumikizi akuluakulu monga "moreover" ndi "nevertheless" akabwera msanga, ana amawaika kumayambiriro kwa chiganizo chilichonse osadziwa ntchito yake.

Pali chizolowezi chinanso chofunika kuchigwira mofatsa. Mwa chikhalidwe chathu munthu sangoyamba ndi mfundo. Amayamba walonjera, n'kuzungulira pang'ono, kenako n'kufika pa chimene wabwerera. Ana amabwera nazo m'kope: "In this paragraph I would like to tell you about what happened." Ulemu umenewo ndi wabwino pabwalo, koma m'ndime ya mawu 70 watha mawu 12 osanena kanthu. Afunseni funso limodzi: mnzako atangowerenga chiganizo chako choyamba chokha, adziwa chimene chinachitika ndi tsiku lake?

Tsiku lachitatu lembani ziganizo za ndime ina pa timapepala todula, chiganizo chimodzi pa kapepala kamodzi, magulu azisanje. Kumene mapepala ndi osowa, zilembeni pabolodi mosokoneza n'kuziika manambala. Ntchito imeneyi imawaonetsa kuti "had" ndi "while" ndi zizindikiro zolozera malo a chiganizo. Tsiku lachinayi aliyense ajambule mzere wake wa nkhani yake, alembe aneni ake pansi pa timitanda, inu muone aneniwo asanayambe kulemba ziganizo. Kukonza aneni asanu pamzere kumatenga masekondi ochepa. Kuwakonza atalowa kale m'ndime kumatenga mphindi. Tsiku lachisanu alembe ndime yonse payekhapayekha.

Mitu yake ikhale ya zinthu zimene mwana anaziona ndi maso. Mukamuuza kuti alembe za ulendo wa pandege amene sanakwerepo, nzeru zake zonse zithera kupeka nkhani, aneni n'kumangogwa mmene agwera.

Kuchonga m'kalasi ya ana 100

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a ana 100 kapena kuposerapo si achilendo m'sukulu zambiri, ndipo palibe mphunzitsi amene angachonge makope onsewo mzere ndi mzere sabata iliyonse. Zotsatira zake ana amalemba kawirikawiri ziganizo zodzaza mipata, zosavuta kuchonga, ndime n'kumalemba kamodzi pa teremu. Ndi bwino kuti alembe ndime sabata iliyonse inu n'kuchonga zochepa, kusiyana n'kuti alembe kamodzi inu n'kuchonga zonse.

Kope lisanafike kwa inu, mwana adule mzere kunsi kwa mneni aliyense m'ndime yake n'kudzifunsa pa aliyense kuti, kodi izi zinachitika kale kapena zikuchitika panopa? Kenako asinthane kope ndi mnzake achitenso chimodzimodzi. Ana amaona cholakwa cha mnzawo msanga kuposa chawo, ndipo zolakwa za mtundu wa "went and buy" zambiri zimathera pamenepa. Inu tengani makope 20 pa tsiku, kuti pofika Lachisanu aliyense akhale ataonedwa. Chongani zinthu ziwiri zokha, aneni ndi mipumiro, zina muzisiye dala. Kope lofiira paliponse mwana amangolitseka. Yankho lolondola musamulembere. Ikani chizindikiro m'mphepete mwa mzere, T pamene nthawi yalakwika, F pamene nthawi ndi yolondola koma mneni waumbidwa molakwika monga "buyed", ndi P pamene pasowa mpumiro. Kusiyanitsa T ndi F n'kofunika kwambiri. Wolemba "buyed" wamvetsa kuti pakufunika nthawi yakale, wangosowa mawu ake, ndipo mankhwala ake ndi banja la "bought". Wolemba "buy" sanaone n'komwe kuti pakufunika nthawi yakale, ndipo ayenera kubwerera ku mzere wa pabolodi.

Pochonga muzilemba pambali ziganizo zisanu zimene zolakwa zake zabwerezedwa m'makope ambiri. Lolemba m'mawa muzilembe pabolodi popanda maina a eni ake, kalasi izikonze m'mphindi khumi zoyambirira. Kenako aliyense atsegule kope lake, apeze zizindikiro zija, alembenso ndime yomweyo yonse patsamba latsopano asanayambe mutu wina.